Matayala a Tsiku la Fitinesi

Sukulu ndinalekezera Fomu 3, ndipo musandifunse chifukwa chake, ndinatopa nako kuyankha. Pepala lokhalo lomwe ndinakhalapo nalo lokhala ndi nkhope yanga ndi dzina langa linali laisensi yoyendetsera galimoto. Anzanga anapachika masatifiketi awo pakhoma. Ine yanga inkakhala m'thumba la kumbuyo, m'kapulasitiki, ndipo ndikadzuka ndinkayamba ndayigwira kaye ndisanasukusule. Amayi anagulitsa makina awo osokera kuti ndikaphunzire kuyendetsa. Pa mpopi ku Kawale ankauza aliyense kuti mwana wawo tsopano ndi dalaivala, ngati kuti ndakhala dokotala.

Ntchito anandipatsa ndi malume, mlongo wawo wa amayi. Iwo anachoka kwathu ku Thyolo ine ndisanabadwe, n'kugwira ntchito m'mashedi a fodya ku Kanengo mpaka msana unakana. Zomwe anawapatsa popuma anagulira takisi. Musaganize za galimoto yooneka bwino. Inali itadutsa m'manja ambiri isanafike kwa ife. Kowerengera makilomita kanaima kalekale, manambala ali tong'o ngati maso a nsomba youma, moti palibe ankadziwa mtunda womwe inayenda. Chitseko cha kumbuyo chinkatseguka ndi kunja kokha. Mpando wa dalaivala unachirikizidwa ndi thabwa. Njira yathu inali yochokera m'tauni kukafika ku Area 23, kudzera ku Chipasula, kupita ndi kubwerera mpaka dzuwa kulowa.

Zachitseko ndi mpando sindinkadandaula nazo. Chomwe chinkandidya mtima ndi pansi pake. Matayala anali osalala ngati dazi, ndipo limodzi la kumbuyo mawaya ankachita kusuzumira. Mabuleki sankagwira ukangoponda, umayenera kupopa kaye, ngati ukuwadzutsa kutulo. Mafuta a mabuleki ndikathira lero, mawa ndinkapeza atsika, ndipo pomwe galimoto yagona pamakhala kadontho pafupi ndi tayala la kutsogolo kumanzere.

Ndinawauza malume. Ndinawauzanso. Iwo ankangoseka, n'kundigwira paphewa.

"Galimotoyi ndi nkhalamba, mphwanga. Unaiona kuti nkhalamba yosabuula?"

Kenako ankati ndisavutike, fitinesi yatsala pang'ono kutha, tikapimitsa. Kumeneko kuli makina, kuli anthu ophunzira kuposa ine ndi iwo. Ngati pali vuto akatiuza okha. Kwa amene sanagwirepo chiwongolero, fitinesi ndi kapepala kaja kamamatidwa pagalasi la kutsogolo, kosonyeza kuti galimoto inapimidwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ine ndinkakakhulupirira kapepalako monga amayi amakhulupirira Baibulo. Ndinkati tsiku limenelo malume akakamizidwa kukonza, afune asafune. Ndinaliyembekezera ngati Khirisimasi.

Litatsala tsiku limodzi, malume anandiimbira foni masana kuti nditsitse anthu ndipite ku Biwi kwa amakaniko awo. Ku Biwi mukukudziwa: dothi lakuda ndi oyilo, mitembo ya magalimoto paliponse, owotcherera akuthethetsa moto m'mbali mwa njira, ndipo aliyense wokuona akufunsa chomwe ukufuna usanatsegule pakamwa. Amakanikowo anali bambo wamfupi wa imvi, ovolosi atamanga m'chiuno, chala chimodzi chodukira pakati. Sanandipatse moni. Anatsegula kontena yomwe inali ndi maloko awiri, n'kuyamba kutulutsa zinthu.

Matayala anayi ali m'marimu ake, mano akuya oti chala n'kulowa, fungo la mphira likadalipo. Mapadi a mabuleki. Paipi yatsopano ya mafuta a mabuleki. Nyali ya kumbuyo. Mawaipa. Lamba wa pampando. Chozimitsira moto chofiira bwino, ndi mathirayango awiri ochenjezera pamsewu, osathyoka. Ndinangoima kukamwa kuli yasa.

Atamanga paipi ija anandiuza kuti ndilowe ndikhale pampando, iwo ali chogona pansi ndi sipanala. Ntchito yochotsa mpweya m'mabuleki imafuna anthu awiri, wina pansi, wina pa chopondera.

"Popa. Gwira. Siya. Popanso."

Ndinapopa, ndipo ndinamva chopondera chikulimba pansi pa phazi langa, pang'onopang'ono, mpaka chinaima nji. Chiyambireni kuyendetsa galimoto imene ija ndinali ndisanamvepo zotero. Misozi inalengeza, ndikunena zoona. Ndinaganiza kuti malume andimvera, kuti kuseka konse kuja ankangondiyesa.

Pochoka, amakaniko anandichenjeza kuti ndisanyamule munthu tsiku limenelo, ndipite molunjika kunyumba, ndizembe maenje, ndipo ndisakhudzitse matayala m'mbali mwa msewu. Ndinati bambo awa ndi osamala ntchito yawo. Ndinadutsira pa siteji dala kuti anzanga aone. Madalaivala anaombera m'manja, wina n'kukuwa kuti mkwati wavala suti, tipeze wonyamula maluwa. Onse anafa nacho chiseko. Ine ndinati ndi nsanje. Kunyumba ndinaitana amayi kuti adzaone zomwe mlongo wawo wachita. Anagwira tayala limodzi ndi dzanja, n'kunena kuti anandiuza kale, magazi ndi magazi. Ndinaitsuka galimotoyo ndi sopo wochapira, mpaka marimu omwe.

M'mawa mwake tinapita kokapimitsa, malume ali pambali panga atavala jekete ya kutchalitchi. Anthu amakonda kunena kuti kumalo otero zonse zimayenda ndi kangachepe. Mwina kwina, ine sindikudziwa. Bambo amene anapima yathu sanalandire kanthu, ndinali pomwepo. Anali wouma nkhope, wosacheza. Minibasi yomwe inali patsogolo pathu anaibweza chifukwa cha chiwongolero chogwedera, mwini wake akuchonderera mpaka kuvula chipewa, iye osatembenuka n'komwe. Yathu anaiimika pamwamba pa dzenje, n'kutsikira pansi ndi tochi. Anagwedeza tayala lililonse ndi manja awiri. Anayeza kuya kwa mano. Anayatsitsa nyali zonse, kuliza hutala, kukoka malamba. Kenako anaikweza pa zitsulo zozungulira zija n'kundiuza kuti ndiponde. Ndinaponda, galimoto inagwira mpaka mutu wanga unagwedera.

"Mukuisamala nkhalambayi," anatero bamboyo akupukuta m'manja.

"Timayesetsa, bwana," anayankha malume, atagwira chigongono mwaulemu.

Kapepala katsopano ndinamata ndekha pagalasi, n'kukasalaza ndi chikhatho.

Tikutuluka pageti, malume anati tidzere ku Biwi. Ndinaganiza kuti akukathokoza amakaniko. Titafika ndinaona takisi ina yoyera, ya pa siteji yathu yomweyo, itakhalitsidwa pa miyala, yopanda tayala ndi limodzi lomwe. Dalaivala wake anakhala pa chitsa akukukuta chinangwa. Amakaniko anatiyang'ana ndi diso loipa, akuti tachedwa, mnzathu wadikira kuyambira m'mawa ndipo naye akufuna akapimitse asanaweruke. Ndisanazimitse n'komwe injini, jeke inali italowa kale pansi.

Ndinatsika. Anyamata a pagalaja anazungulira kuseri kwa kontena n'kubwera akugubuduza matayala anayi osalala, lililonse litalembedwa nambala ya galimoto yathu ndi choko. Lamawaya lija linali patsogolo.

"Mukuchotsanso?" ndinafunsa.

"Nanga ndi zako?" anatero amakaniko osadzutsa mutu.

Ndinayang'ana malume. Iwo ankayang'ana foni.

Dalaivala wa takisi yoyera ndi amene anandifotokozera, akutafuna, ngati akuuza mwana komwe kumachokera mvula. Eni matakisi a pa siteji yathu anasonkherana kalekale n'kugula zinthu zonsezi pamodzi, poti magalimoto awo ndi a mtundu umodzi. Amazitcha suti. Imasungidwa m'kontena muja. Fitinesi ya munthu ikatha, amauza amakaniko, galimoto imavala suti, imakapimitsa, imabwera kudzavula, wina n'kuvala. Amakambirananso masiku kuti asaombane. Matayala amene aja, anatero iye, sananyamulepo pasenjala chigulireni. Njira yomwe amaidziwa ndi imodzi, kuchoka ku Biwi kupita kopimitsa ndi kubwerera. Iye ankadabwa kuti ine sindinkadziwa. Anati nanga pa siteji dzulo ankaombera m'manja chiyani?

Ndinaima pomwepo n'kumaona akuvula galimoto yomwe ndinatsuka ndi manja anga. Nyali inachoka, inabwerera yong'aluka yomata ndi tepi. Mawaipa anachoka. Lamba anachoka. Chozimitsira moto chinalowa m'takisi yoyera. Mapadi athu akale, otha mpaka chitsulo, anawatulutsa m'jumbo. Pomaliza amakaniko anamasula paipi yatsopano ija n'kubwezera yathu, yonyowa, yochita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Anagona pansi ndi sipanala yawo, n'kundiitana.

"Iwe dalaivala, lowa. Popa."

Ndinalowa. Sindikudziwa chifukwa chake, miyendo inangopita yokha. Ndinapopa, ndinagwira, ndinasiya. Chopondera chinabwerera mwakale, chofewa ngati ukuponda papaya lakupsa. Kutsogolo kwa maso anga, pagalasi, kapepala kaja kali phee, guluu wake asanaume.

M'njira ndinawalankhula malume mawu omwe mwana sayenera kulankhula kwa malume ake. Anandisiya mpaka ndinatha mpweya. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa mtengo wa tayala limodzi, ndi ngati kunyumba tidzadye matayala. Anati aliyense amatero, kuyambira ku 25 mpaka ku Chinsapo, ndipo galimoto imayendetsedwa ndi dalaivala, osati ndi kapepala. Dalaivala wanzeru amaidziwa nkhalamba yake, amayamba kupopa akadali patali.

"Ngati zakukanika, makiyi siya apo. Anyamata a malaisensi ali mbwee pa siteji, akungosewera bawo."

Ndinawauza amayi. Anati ndisawachititse manyazi malume, ndi iwo anagula bokosi la bambo anga, ndi iwo anandipatsa ntchito pomwe ena onse ankangondilonjeza. Anati ndiziyendetsa pang'onopang'ono ndi kupemphera. M'mawa mwake ndinatenga makiyi. Wofuna kundiweruza ayambe wandionetsa ntchito ina yomwe munthu wa Fomu 3 akanaipeza mu Lilongwe muno.

Kuyambira pamenepo maso anga anasintha. Ndikaima pa siteji ndinkayang'ana kapepala pagalasi la takisi iliyonse, kenako matayala ake. Mapepala onse atsopano, matayala onse dazi. Pa rodibuloko wapolisi ankabwera, kuwerenga kapepala, kuona laisensi yanga, n'kundikodola kuti ndizipita. Tsiku lina bambo wina wa tayi anakana kukwera takisi ya mnzanga ati ikuoneka yotopa, anazungulira yanga, n'kuwerama kuwerenga kapepala, n'kulowa ndi ana ake awiri. Ulendo wonsewo ndinkafuna kutembenuka ndimuuze kuti bambo, zomwe mwawerengazo ndi za galimoto ina, yomwe inakhalapo m'mawa umodzi wokha.

Zinachitika m'nyengo ya mvula, masana, mvula itangokata. Galimoto inali yodzaza. Kutsogolo, pambali panga, kunakhala mayi wina wa ku 23 wogulitsa nthochi, dengu lake lili kumbuyo. Ndinkamudziwa nkhope, ankakwera kawirikawiri ndipo ankakonda kundinena kuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira. Tikutsetsereka kulowera pa kamlatho kena cha ku Chipasula, kutsogolo kunali akabaza awiri ndi ana a sukulu akuwoloka. Ndinayamba kupopa ndikadali patali, monga mwa masiku onse. Chopondera chinangopita mpaka pansi, osabwerera. Ndinapopanso, palibe. Ndinakoka handibuleki, matayala a kumbuyo anagwira, koma dazi pa tala wonyowa silimva kanthu. Galimoto inayamba kutsetsereka cham'mbali ngati sopo. Ana aja ndinawaona nkhope. Ndinakhotetsera kumanzere, m'ngalande.

Sikunafe munthu. Ndimayamba ndi pamenepo nthawi zonse, poti ndi zomwe anthu amafuna kumva. Galimoto inalowa chamutu m'madzi a matope, mbali ya kumanzere n'kumenya khoma la ngalande. Ine ndinang'ambika pachipumi. A kumbuyo anatuluka ndi mikwingwirima. Mayi wa nthochi mkono unathyoka, lamba wa mpando wake paja anali m'kontena ku Biwi. Sanalire. Anangougwira mkonowo n'kumauyang'ana, nthochi zake zikuyandama m'ngalande.

Anthu anadzaza. Apolisi atafika anatenga laisensi yanga, n'kusuzumira kapepala pagalasi long'alukalo. Ndinawauza kuti mabuleki anakana. Wamkulu wawo anati zimenezo akaona akatswiri, galimoto ikapimidwa. Malume anafika pa kabaza wa njinga yamoto, nkhope ili mbuu. Poti mvula inayambanso ndipo matayala anali atamira m'matope, apolisi anawauza kuti apeze chokokera okha, galimoto ikapezeke ku polisi. Ife ovulala anatitengera kuchipatala.

Akundisoka pachipumi mtima wanga unali m'malo, mwina koyamba chichokereni ku Biwi. Ndinati tsopano zaululika. Paipi yophulika sinama. Akangogona pansi ndi tochi aona okha, ndipo laisensi yanga ibwerera m'thumba.

M'mawa mwake ndinalawirira ku polisi, bandeji ili kumutu. Galimoto ndinaipeza pabwalo, pakati pa zinzake zangozi. Mbali ya kumanzere yophwanyika, galasi long'aluka, udzu wa m'ngalande ukadali m'bampala. Inaima pa matayala anayi a mano akuya.

Ndinayandikira ngati ndikulota. Ndinawadziwa, marimu ake ndinatsuka ndine. Anawapaka matope kuti aoneke ngati anali m'ngalande, ndipo m'matopemo munkaoneka mizere ya zala. Ndinagwada n'kusuzumira kuseri kwa tayala la kumanzere. Paipi yatsopano, yopakidwa oyilo wakuda. M'kati, lamba ali lende pa mpando wa mayi uja. Chozimitsira moto chili pamalo pake.

Pochoka pa ngalande paja, galimoto inadzera ku Biwi.

Wopima atabwera, bambo wina osati woyamba uja, anachita ntchito yake bwinobwino. Analowa, anaponda, chopondera chili nji. Anagona pansi, anaunika, anagwedeza, analemba. Wapolisi anandiitanira mu ofesi n'kundiuza mosakweza mawu kuti mabuleki alibe vuto, matayala ali bwino, fitinesi ndi yatsopano. Chotsala ndi dalaivala. Anati ndinkathamanga pa msewu wonyowa, ndipo nkhani ipita kukhoti.

Malume ndinawapeza panja, pansi pa mtengo, ali ndi amakaniko aja. Ndinangowalozera galimoto. Malume anandikokera pambali n'kuyamba kulankhula mofulumira, monong'ona. Anati apolisi akanapeza dazi lija, galimoto ikanalandidwa. A inshuwalansi akanakana kumuthandiza mayi wovulalayo. Akanayamba kufunsa kuti fitinesi inatuluka bwanji, siteji yonse ikanalowa m'madzi, mabanja onse aja. Anati iwo sanagone, aganizira mbali zonse.

"Ndiwe mwana, mphwanga. Laisensi imabwerera. Galimoto ikapita sibwerera."

Amakaniko anawonjezera, akutokosa m'mano ndi kachitsotso, kuti tifulumizitse nkhaniyi chifukwa suti ikufunika Lachinayi, pali wina fitinesi yake yatha.

Ndinabwerera mu ofesi n'kumuuza wapolisi zonse. Kontena, maloko awiri, choko pa matayala, takisi yoyera pa miyala. Anali bambo wachikulire, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto. Sanaseke. Anaika cholembera pansi.

"Ndiye mukuti munkadziwa kuti mabuleki ndi owonongeka, n'kumanyamulabe anthu tsiku ndi tsiku?"

Anatolanso cholembera chija.

"Ganizani bwino zomwe mukufuna ndilembe, achimwene. Ndipo ngati zili zoona, mubwere ndi mboni."

Apo ndi pomwe ndinaona msampha wonse. Galimoto ikakhala yabwino, wolakwa ndine, ndinathamanga. Ikakhala yoipa, wolakwa ndinenso, ndinkadziwa. Kapepala kaja kanateteza galimoto, kanateteza malume, kanateteza wopima. Ine ndekha ndi amene ndinalibe suti.

Mboni ndinakaifuna ndithu. Pa siteji, anthu omwe anaombera m'manja tsiku lija anayamba kuyang'ana kumbali ndikamafika. Dalaivala wa takisi yoyera anandiyankha pamaso pa onse kuti iye suti amaiona kutchalitchi basi, mwina mutu wanga unagunda kwambiri. Ena anaseka, ena ayi. Mmodzi ananditsatira mpaka kuseri kwa mabenchi n'kundiuza kuti akundimvera chisoni, koma ali ndi ana, ndipo fitinesi yake ikutha mwezi wamawa. Kunyumba ndinapeza amayi atamva kale. Anandigwadira, mayi wondibala, pa simenti ya m'nyumba mwathu, kuti ndisakatchule mlongo wawo kukhoti. Anati mudzi wonse ku Thyolo udzamva kuti mwana wawo anamangitsa malume ake. Ndinawadzutsa.

Kukhoti sikunatenge nthawi. Anawerenga kuti galimoto inapezeka yabwino m'zonse. Anandifunsa ngati ndikuvomera kuti ndinayendetsa mosasamala. Malume anakhala kumbuyo ndi jekete yawo ija. Ndinavomera. Woweruza analankhula za anyamata a masiku ano omwe amaona msewu ngati bwalo la mpira, n'kulamula kuti laisensi yanga ilandidwe kwa nthawi yomwe anaitchula. Chindapusa analipira malume, ndipo amayi mpaka lero amati ndiziwathokoza.

Koma chomwe chimandidzidzimutsabe si chigamulocho. Panja pa khoti ndinakumana ndi mayi wa nthochi uja, mkono uli m'chikhakha, utakolekedwa m'khosi ndi chitenje. Ndinapita kukamupepesa. Anandiyang'ana mopanda mkwiyo, n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, unkathamangira chiyani?"

Mayi ameneyu anali pambali panga. Anaona phazi langa likupopa. Ndi yemwe uja ankandinena kuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira. Ndinamukumbutsa. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti iyenso poyamba ankaona ngati mabuleki ndi amene anakana, koma nanga si awerenga m'katimo kuti anapima ndi makina? Makina anganame? Anandiuza kuti wandikhululukira, ndisinthe khalidwe. Anapita kukakwera takisi.

Masiku ano ndimatsuka magalimoto m'mbali mwa msewu ku Kawale, ndi ndowa ndi chiguduli. Kapulasitiki kaja ndikadali nako m'thumba la kumbuyo, kopanda kanthu. Nthawi yomwe woweruza anatchula ikadzatha ndidzapita kukaitenga laisensiyo, koma pa siteji dzina langa linatha kale. Kwa eni magalimoto ndine mnyamata uja anagwetsera anthu m'ngalande galimoto ili bwinobwino. Kwa madalaivala ndine uja ankafuna kuulula za suti. Sindikudziwa kuti choipa kwambiri ndi chiti.

Galimoto ija anaiwongola ku Biwi komweko, anaipopera penti, ndipo inabwerera pamsewu. Malume anapeza dalaivala wina, mnyamata wa ku Mgona, laisensi yake ikadali yonyezimira. Tsiku lina masana anaima pamalo panga, mwina osadziwa kuti ndine ndani. Anatsika akumwetulira mpaka m'makutu, n'kundiuza kuti nditsuke bwino, marimu omwe, mawa akukapimitsa. Anamenya tayala ndi nsapato kuti ndione. Anati bwana wake ndi munthu, wangodandaula kamodzi za mabuleki, lero wamugulira zonse zatsopano.

Ndinaika chiguduli pansi n'kumuuza. Zonse, kuyambira pa kontena mpaka kukhoti. Ndinamuonetsa chipsera pachipumi. Anamvetsera akuseweretsa makiyi, kenako anati wandizindikira tsopano, anamuchenjeza kale za ine pa siteji. Anati nsanje sipindula, biggie, munthu ukalephera umangovomera. Ndinamutsukira galimotoyo. Marimu ndinawasiya.

Mawa lake chakumadzulo ndinaiona ikubwera kuchokera ku Biwi, kapepala katsopano kali pagalasi. Panjira pathu pali hampu, ndiye galimoto iliyonse imafika pang'onopang'ono. Iyi inayamba kuchepetsa liwiro ikadali kutali kwambiri, mutu wa dalaivala ukugwedera, ndipo ndinadziwa chomwe phazi lake linkachita pansipo. Tayala lamawaya lija tsopano analiika kumanja. Mnyamatayo anadutsa pafupi nane moti ndikanatha kumugwira phewa, maso ali patsogolo, osaphethira. Patsogolo pang'ono mayi wina wobereka mwana anaimika, ndipo iye anaima n'kutsika kukamutsegulira chitseko cha kumbuyo, poti chimatseguka ndi kunja kokha.